Chimbudzi Chikayamba Kubweza Madzi

Chizindikiro choyamba chinali phokoso. Munthu akagejemula m'chimbudzi, ku bafa kunkamveka kubwebweta, ngati m'mimba mwa munthu amene wadya nyemba zosapsa bwino. Ana ankaseka, ifenso tinkaseka nawo. Patapita masiku angapo madzi a mu mtondo wa chimbudzi anayamba kumakwera mpaka pafupi ndi pakamwa, kuima pamenepo kwa kanthawi ngati akulingalira, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Popeza pomalizira pake ankatsikabe, tinkati palibe chodetsa nkhawa. Tinakhala choncho milungu iwiri.

Nyumba yathu ili pa Boma la Mwanza, chakumtunda pang'ono kwa msewu wa M6, uja umapatuka pa Zalewa n'kukathera pa chipata cha malire, pamene magalimoto akuluakulu amandanda podikira kulowa ku Zobue m'dziko la Mozambique. Malo ake ndi otsetsereka, monga zilili nyumba zambiri kuno. Kumunsi kwathu kuli banja lina limene lili ndi chitsime pakhomo, ndipo chotilekanitsa ndi mpanda wa udzu basi. Chitsime chimenechi muchikumbukire, chifukwa ndi chimene chinatithetsa phwete.

Zinaphulika Lachisanu lina mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Aliyense wosunga Sabata amadziwa kuti Lachisanu ndi tsiku limene nyumba imamwa madzi ambiri kuposa masiku onse: kuchapa, kukolopa, kutsuka miphika ya chakudya cha masiku awiri, kusambitsa ana. Cha m'ma 10 koloko m'mawa mwana wathu wamng'ono analowa akuthamanga. "Amayi, kuseri kukutuluka madzi akuda!" Pa kadzenje kaja kamene kamalandira madzi a mu sinki, kuseri kwa khitchini, pankatumphuka madzi otuwa, a fungo loti sitingalifotokoze m'magazini yowerenga banja lonse. Anali atayamba kale kuyenderera kudutsa pabwalo pamene ana amasewera phada, kulowera ku mpanda.

Zolakwa zathu

Chimene tinachita choyamba n'chimene ambiri amachita, ndipo n'cholakwika. Tinagejemulanso kawiri, poganiza kuti mphamvu ya madzi ikankha chotsekacho. Madzi onsewo anakatulukira kuseri kwa khitchini. Kenako tinatuma mnyamata kumsika kukagula kositiki soda, tinamusungunula mu ndowa n'kumuthira m'chimbudzi.

Kositiki soda ali ndi mbiri yabwino imene siyomuyenera. Amasungunula tsitsi ndi mafuta pang'ono ngati chotseka chili pafupi, koma sangachite kanthu pa mizu ya mtengo, mchenga, nsanza kapena thewera la pulasitiki. Akasakanizika ndi madzi amatentha kwambiri, moti angathe kufewetsa paipi ya pulasitiki. Amayi amene amapanga sopo pakhomo amadziwanso chimene chimachitika kositiki akakumana ndi mafuta: pamatuluka sopo. Paipi ikakhala yotsekeka, sopo ameneyu alibe kopita, amangoundana momwemo. Choopsa koposa n'chakuti mankhwalawo amatsalira m'madzi oima aja, kudikira munthu amene adzatsegule paipiyo. Akamuthovokera m'maso angathe kuchita khungu.

Titaona kuti sizikuthandiza, tinawongola waya wa pa chingwe choyanikira zovala n'kumulowetsa mu mtondo. Anangokanda mtondowo n'kupindikira pa khosi lake. Pamenepo m'pamene tinaitana pulambala.

Anabwera pa njinga yakapalasa, bambo wachikulire wodekha, atamangirira mtolo wa ndodo zakuda pa kaliyala. Sanalowe n'komwe m'chimbudzi. Anayang'ana madzi a pabwalo, anayang'ana khoma, n'kufunsa kuti, "Bambo, manhole yanu ili pati?"

Tinayang'anana. Takhala m'nyumba imeneyi zaka zisanu ndi ziwiri, tinaigula yomangamanga, ndipo palibe tsiku limene tinadzifunsapo kuti madzi akatuluka m'nyumba amadzera pati.

"Ndiye mwakhala mukuthira mankhwala musakudziwa pamene pali bala," anatero. "Mwathiramo chiyani? Mundiuze zoona, manja ndi angawa."

Njira ya madzi

Kuno ku Mwanza kulibe mapaipi a suweji a mzinda wonse. Amenewo ali m'madera ena a Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, kumene zonyansa zimapita ku malo ozisefera monga a ku Soche kapena ku Kauma, ndipo ngakhale kumeneko ndi nyumba zochepa zimene zinalumikizidwa. Kwa ife, a Southern Region Water Board amabweretsa madzi abwino mpaka pa mita. Akagwira ntchito n'kuda, ndi athu mpaka mapeto, ndipo ulendo wawo wonse umathera pa puloti yathu yomwe.

Ulendowo uli motere. Pansi pa mtondo wa chimbudzi, sinki ndi bafa pali kapaipi kopindika kamene kamasunga madzi pang'ono nthawi zonse. Madzi amenewo ndi chitseko chotchinga fungo ndi mphemvu kuti zisabwerere m'nyumba. Kuchoka apo zonse zimakalowa mu paipi yaikulu, kawirikawiri ya mamilimita 110 m'mimba mwake, yokwiriridwa pansi. Paipi imeneyi ilibe injini, imayendera kutsetsereka basi. Amisiri amati pa mamita 40 alionse izitsika mita imodzi, ndiye kuti masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona kwambiri zolimba zimaima panjira. Pamene paipi ikukhota kapena kukumana ndi inzake, womanga wabwino amasiyapo kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro cha simenti, kamene aliyense amangoti manhole. Pomaliza pali thanki ya sepitiki. M'menemo zolemera zimadikha pansi, mafuta amayandama pamwamba, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya gawo la zonyansazo, ndipo madzi a pakati amatuluka kupita ku dzenje la miyala limene limawamwetsa m'nthaka, lija amati soakaway. Palinso paipi ina imene imakwera m'mbali mwa khoma mpaka kupitirira denga, yotulutsira mpweya. Mbalame ikamangamo chisa, nayonso imayambitsa kubwebweta kuja.

Munthu akaidziwa njira imeneyi, kupeza potsekeka sikufuna matsenga. Ngati ikuvuta ndi sinki yokha, pamene chimbudzi ndi bafa zili bwino, vuto lili pa kapaipi kopindika ka sinkiyo: ikani ndowa pansi, masulani, chotsani zotsekazo, mangani. Ngati n'chimbudzi chokha, yesani chopopera cha mphira chokhala ndi mpini chija, kapena chokolopera chokulungidwa bwino mu jumbo, n'kumapopa pakhosi pa mtondo. Koma zonse zikamavuta pamodzi, ndipo madzi akutulukira pa malo otsikitsitsa monga zinachitikira kwathu, vuto lili mu paipi yaikulu kapena ku thanki. Zikatero lekani kuthira madzi alionse m'nyumba monse, ndipo pitani mukatsegule ma manhole.

Kuwapeza athu kunatenga ola lathunthu. Pulambala uja anaona pamene paipi ikutulukira pakhoma, n'kumayenda molunjika ku thanki akubaya pansi ndi chitsulo. Yoyamba inali pansi pa bedi la maluwa limene tinalima tokha, dothi lake lofika m'bondo. Yachiwiri inali pafupi ndi thanki, pansi pa mulu wa njerwa zotsala. Atatsegula yoyamba, inali yodzaza mpaka pakamwa. Yachiwiri inali youma, kamadzi kakungodontha.

"Mwaona? Yodzaza kumtunda, youma kumunsi. Chotseka chili pakati apa," anatero, akuloza mtunda wa mamita asanu ndi limodzi. Pakati penipeni pa mtunda umenewo panali mtengo wathu wa manachesi.

Zikanakhala kuti ma manhole onse ndi odzaza, ndiye kuti nkhani ikanakhala ya thanki kapena dzenje la miyala. Tibwererako.

Zimene ndodo zinatulutsa

Ndodo zija zimalumikizana ndi mazinga, imodzi kumapeto kwa inzake. Anayambira pa manhole youma, kukankhira chakumtunda, ndipo anaimika mnyamata wathu ndi fosholo kuti zotulukazo azizigwira zisapitirire ku thanki. Chinthu chimodzi anatibwerezera katatu: ndodo zikalowa, muzizipotoza kumanja kokha, ngakhale pozitulutsa. Mukangopotozera kumanzere zimamasuka pa mazinga, ina n'kutsalira mkati, ndiye mwawonjezera chotseka pa chotseka.

Atakankha kangapo panamveka kulira kwa pansi, ndipo anatiuza kuti tifutuke. Zimene zinatuluka tinazidziwa zonse, chifukwa zinali zathu. Munali matewera a pulasitiki awiri otupa ngati mikate. Munali mapadi, timapepala tonyowa topukutira khanda, chingwe cha tsitsi la meshi, ndi zibuma zotuwa zolimba ngati sopo, zimene anati ndi mafuta ophikira osakanikirana ndi phulusa ndi mchenga wokwechera miphika. Ku mutu wa ndodo kunakolekera mtolo wa timizu tofiirira tonga ndevu.

Apa tiyenera kunena chilungamo, pakuti chiyeso chimakhala choloza mlendo kapena mwana wantchito. Thewera la pulasitiki linapangidwa kuti lizimwa madzi n'kutupa, ndiponso kuti lisaole. Padi ndi chimodzimodzi. Timapepala tonyowa tija sitisungunuka ngati tishu: ikani kamodzi mu kapu ya madzi pamodzi ndi tishu, mawa mudzaone. Nyuzipepala ndi mapepala a m'makope nazonso zimachedwa kufewa, ndipo zitsononkho, zimene achibale ochokera kumudzi anazolowera m'chimbudzi chokumba, zimaima chopingasa pa kona yoyamba. Koma m'chimbudzi chathu munalibe potaya chilichonse cha zimenezi. Mtsikana amene wayamba kumene kusamba, m'nyumba yodzaza ndi achimwene ndi amalume, sangatuluke atanyamula padi m'manja kudutsa pa balaza. Ena anakula akuuzidwa kuti nsalu ya kumwezi ikaonedwa ndi munthu wina angakuchite nayo chipongwe. Kwa iye kugejemula ndiyo njira yokhayo yobisira. Kukalipa sikuthetsa zimenezi. Chimene chinathetsa kwathu ndi kandowa kokhala ndi chivundikiro, mkati muli jumbo, pambali mapepala okulungira, ndiponso mayi kukhala pansi ndi atsikana paokha n'kuwauza kumene zimenezi zimakatenthedwa.

Za mafuta ndi mchenga mlandu unali wa khitchini. Mafuta otsala mu chiwaya amaoneka ngati madzi akali otentha, koma akafika mu paipi yozizira pansi pa nthaka amagwirana n'kumata m'mbali. Mchenga ndi makoko a nsima zikafika zimakakamira pamenepo. Masiku ano chiwaya timayamba tachipukuta ndi pepala, ndipo miphika ya pa nkhuni timaikwechera panja, madzi ake n'kuthira pa nthochi.

Panali chinanso chimene sitinkachiganizira. Pofuna kuchepetsa bilu ya madzi, tinali titatseka kampopi ka thanki ya chimbudzi, n'kumathira ndi jagi madzi otsala pochapa. Kugwiritsanso ntchito madzi ochapira si kolakwika. Cholakwika chinali jagi. Kathanki ka chimbudzi kamatulutsa malita 6, kapena 9 ngati n'kakale, onse nthawi imodzi, ndipo liwiro limenelo ndi limene limanyamula zolimba kukazifikitsa ku thanki ya sepitiki. Madzi a jagi amangoyeretsa mtondo, zolimbazo n'kukaima mamita awiri kutsogolo. Ngati mukuthira ndi manja, thirani theka la ndowa yaikulu mwakamodzi, mokhuthula.

Madzi anayamba kuyenda, koma monyinyirika. Pulambala anati mizu ikadali mkati ndipo pafunika kukumba. Nthawi inali itakwana 3 koloko, ndipo mu Januwale dzuwa limalowa itangopitirira 6. Tinagwirizana kuti kukumba kudikire Lamlungu. Chimbudzi cha m'nyumba tinachikhoma, ndipo tinathokoza kuti chokumba chija cha kuseri, chimene tinkafuna kuchigwetsa chifukwa chosaoneka bwino, chinali chikadalipo. Koma za pabwalo sizikanadikira.

Chifukwa chake sitinadikire

Madzi a suweji pabwalo si nkhani ya fungo chabe. Mumakhala tizilombo ta kolera, tayifodi, kamwazi, matenda a chiwindi otchedwa hepatitis A, ndi mazira a njoka za m'mimba, amene amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri. Ntchentche zimatera pamenepo n'kukatera pa nsima. Nkhuku zimapalasa pamenepo n'kukalowa m'khitchini. Mwana wokwawa amaika chilichonse m'kamwa.

Sitikufunika kupita kutali kuti tikumbuke. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unafalikira m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya zaumoyo, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Pamene unkatha, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Kale pang'ono, mu 2009, kwa anansi athu a ku Neno, boma limene linali mbali ya Mwanza mpaka 2003, kunabuka matenda amene poyamba anazunguza anthu chifukwa odwala ena ankalephera kuyenda ndi kulankhula bwino. Atapimidwa anapezeka kuti ndi tayifodi. Anagwira anthu oposa 300 m'midzi ya m'malire a Neno ndi Tsangano ku Mozambique, ndipo 11 anamwalira. Katemera wa tayifodi amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu Meyi 2023 ndi thandizo lalikulu, koma sateteza ku kolera kapena kamwazi. Matenda onsewa njira yawo ndi imodzi: chimene chatuluka mwa munthu kukalowa m'kamwa mwa mnzake.

Choncho ana tinawatsekera m'nyumba, nkhuku m'khola. Ovala majombo ndi magolovesi okha ndi amene anaponda kuseri. Amene alibe magolovesi angavale majumbo awiri olimba kudzanja lililonse, koma wokhala ndi bala asagwire ntchito imeneyi. Tinakumba kangalande kopatutsa madziwo kuti asafike ku mpanda, n'kuwalowetsa mu dzenje limene tinalikwirira pambuyo pake. Zolimba tinazitola ndi fosholo, dothi lapamwamba tinalipala, ndipo pamalopo tinawazapo laimu. Phulusa lambiri lingathandize laimu akasowa. Pa simenti tinayamba tatsuka ndi sopo, kenako tinathira Jik wosungunula, kapu imodzi ku makapu asanu ndi limodzi a madzi, n'kumusiya mphindi khumi asanatsukuluzidwe. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, makamaka a asidi, chifukwa pamatuluka mpweya wopweteka mapapo. Mpiru ndi chinese za m'kadimba kathu zimene madziwo anazikhudza tinazizula n'kuzikwirira, ngakhale zinali zofika pothyola. Pomaliza, zovala m'madzi otentha, ife m'bafa la panja ndi sopo, zikhadabo zomwe.

Chovuta kuposa zonsezi chinali kugogoda pa khomo la anansi a kumunsi. Munthu umachita manyazi kukanena kuti zonyansa za kwathu zinalowera kwanu. Tinapita awiri.

"Mayi, tabwera ndi nkhani yosakhala bwino. Paipi yathu ya chimbudzi inatsekeka, ndipo madzi ena anafika pa mpanda tisanawatchinge. Chonde madzi a pachitsime musamwe osawiritsa."

Anakhala chete pang'ono. "Mwachita bwino kunena, achimwene. Ana anga amatunga pomwepo akachoka kusukulu."

Tinawasiyira botolo la WaterGuard, ndipo Lolemba tinakauza mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene anabweretsa klorini wothira m'madzi akumwa. Alangizi amenewa amanena kuti chimbudzi chokumba kapena dzenje lomwetsa madzi a suweji litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo likhale kumunsi kwake, osati kumtunda. Titayeza, lathu linali pa mamita 34, koma kumtunda. Pa mapuloti ang'onoang'ono a pa Boma, nyumba zambiri sizingafike n'komwe pamenepo.

Wina akayamba kutsegula m'mimba zoterezi zitachitika, musadikire kuti muone mawa. Yambani pomwepo kumupatsa Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena muli magazi, kapena wodwala akusanza chilichonse, thamangani naye ku chipatala cha boma cha Mwanza kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Thambani, ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo, akumwa ORS njira yonse. Kolera imatha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa.

Dzuwa linalowa titangomaliza kusamba. Sitinayambe talandirapo Sabata titatopa chotero.

Thanki

Lamlungu, anyamata akukumba, pulambala anati tione thanki, poti inali isanatsegulidwepo chigulireni nyumbayo. Anatenga nsungwi yaitali, anakulunga nsalu yoyera kumunsi kwake, anaimiza mpaka pansi, n'kudikira mphindi zingapo. Atazula, nsaluyo inali yakuda bii kufika pafupifupi theka la kuya kwa madzi. Matope a pansiwo akapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, thanki yafika popopa. Nyumba zambiri zimafika pamenepo pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, malinga ndi kukula kwa thanki ndi kuchuluka kwa anthu. Ukachedwa, matopewo amasefukira ku dzenje la miyala n'kutseka timipata ta nthaka, ndipo dzenje likafa chotero mankhwala ake ndi kukumba lina. M'dzinja limavutikanso chifukwa nthaka imakhala itakhuta kale, ndiye madzi a padenga asamaloledwe kulowera kumeneko.

Mmodzi wa anyamata aja anawerama kuti asuzumire mkati, ndipo pulambala anamukoka malaya mwaukali umene sitinamuonepo nawo. Mu thanki ya sepitiki mumakhala mpweya wa mitundu iwiri yoopsa. Wina ndi methane, umene umayaka: machesi, nyali kapena ndudu zisayandikire. Wina ndi hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lovunda. Ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha, kenako amakomoka atangopuma kangapo. Kawirikawiri ngozi zoterezi zimatenga anthu awiri, wogwa ndi womutsatira kuti akamupulumutse. Foni, ndalama kapena chilichonse chikagweramo, chatayika. Munthu asalowemo, ngakhale thanki itapopedwa.

Galimoto yopopa tinachita kuitana kuchokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mtengo wa ulendo unaposa wa ntchito. Tinafunsa m'mudzi, n'kupeza mabanja ena awiri amene matanki awo anali atadzaza, ndipo tinagawana mtengo wa mafuta. Alipo anyamata amene amachotsa ndi ndowa usiku pa mtengo wotsika. Musanawalembe, afunseni kumene akukataya. Ngati yankho ndi khwawa, kumbukirani kuti makhwawa a kuno amathira mu mtsinje wa Mwanza, umene anthu amachapamo ndi kumwa mpaka ku Chikwawa. Popopa anasiyamo matope pang'ono pansi mwadala, kuti tizilombo todya zonyansa tija tisathe. Pa chifukwa chomwecho, thanki siitsukidwa ndi Jik.

Okhala m'nyumba za lendi, nkhani ya thanki muikambe ndi eni nyumba tsiku lolowa: inapopedwa liti, ndipo ikadzaza adzalipira ndani. Ikakambidwa madzi ali kale pabwalo, imathera kwa amfumu.

Mtengo

Pa kuya kwa m'chiuno anyamata anaipeza paipi, ndipo chimene chinachitika chinaoneka poyera. Womanga nyumbayo, posafuna kugula cholumikizira, anawotcha mapeto a paipi imodzi pamoto kuti afutukuke, n'kulowetsamo inzake popanda guluu. Panatsala kampata kosalowa ndi chikhadabo chomwe. Kwa muzu n'kokwanira. Mizu siiboola paipi yabwinobwino, imatsata chinyezi. M'chilimwe cha kuno, pamene nthaka imauma gwa kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, kadontho ka pa mfundo yotayirira ndi chitsime chokhala ndi manyowa omwe. Kamuzu konga tsitsi kamalowa, kamanenepa, kamabala tinzake, mpaka mkati mwa paipi mukhala ukonde. Thewera likafika limangokodwa. Mikuyu, mabulugamu, mango ndi nsungwi n'zoopsa koposa pamenepa, koma mtengo uliwonse woyandikira ungachite zimenezi.

Pulambala ananena maganizo ake mosapsatira. "Mtengowu udulidwe, bambo. Walawa kale."

Kwa munthu wa ku Mwanza, kudula nachesi wobereka si nkhani yaing'ono. Aliyense wodutsa pa M6 m'miyezi yozizira amadziwa milu ya manachesi imene boma lino limatchuka nayo. Wathuwu anabzala ndi malemu agogo a ana chaka chimene tinalowa m'nyumbayi, mbande atachita kuinyamula pa minibasi kuchokera kumudzi, ndipo anaubzala pamenepo chifukwa palibe amene ankadziwa kuti pansi pali paipi. Tinakambirana mpaka nsima ya masana inazizira. Ena ankati thanzi la ana liposa zipatso. Ena ankati wolakwa ndi mfundo ya paipi, osati mtengo.

Pomaliza tinachotsa mamita atatu a paipi yakale, tinaika yatsopano ndi zolumikizira zenizeni, tinaiyala pa mchenga itatsetsereka moyenera, ndipo mfundo zonse ziwiri tinazikuta ndi konkire. Mizu ya mbali imeneyo tinaidula. Ma manhole tinawakweza ndi njerwa kuti zivundikiro zizioneka pamwamba pa nthaka, ndipo bedi la maluwa linasamuka. Mwana wathu wa Fomu 2 anajambula mapu a njira yonse ya paipi, ndi miyeso yake kuchokera pa ngodya ya nyumba, n'kulembapo tsiku limene thanki inapopedwa. Ali kuseri kwa chitseko cha sitolo. Mtengo unatsala, pa pangano lakuti miyezi itatu iliyonse tizitsegula ma manhole onse awiri, wina agejemule m'nyumba, wina aone ngati madzi akudutsa mwaliwiro.

Mu Juni mtengowo unabereka kwambiri, ngati sunadulidwe muzu ndi umodzi womwe. Pulambala uja anadutsa pa njinga yake, ndipo tinamudzazira jumbo la manachesi. Asanapite anapempha chitsulo, anatsegula manhole ya kumunsi, anagwada n'kuyang'anitsitsa. Kenako anatikodola. Pakona, pamene njerwa ikukumana ndi simenti, panali kamuzu kamodzi koyera, kowonda ngati ulusi. Anakadula ndi mpeni, anakaika m'dzanja la bambo a ana, n'kutseka chivundikiro.

"Mu Seputembala mudzaonenso," anatero, akumangirira jumbo lake pa kaliyala.